FUPA SILINATHYOKE, KOMA DZANJA LIKUPWETEKABE

KAFUE. Mvula ikayamba, njira za ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi za kumadooko a ku Chanyanya zimaterera, ndipo anthu amagwa. Msodzi amaterereka pamatope pokokera bwato kumtunda, mai amagwa ndowa ya madzi iri pamutu, mnyamata amagwa pa njinga atamangirira thumba la makala kumbuyo. Onsewa pakugwa amacita cinthu cimodzi cimene palibe anawaphunzitsa: amatsogoza dzanja kuti ateteze nkhope. Cikhatho ndico cimayamba kufika pansi, dzanja limapindikira kumbuyo, ndipo kulemera konse kwa thupi kumathera pa mfundo ya dzanja, paja anthu amavala wochi kapena makoza.

Ambiri amadzuka, napukuta matope, nati angobinya. Ena amapita ku cipatala, najambulidwa cithunzi ca X-ray, nauzidwa kuti palibe fupa lothyoka, nabwerera kwao okondwa. Oculuka a iwo amaciradi pa masabata awiri kapena atatu. Koma pali ena amene dzanja lao silibwerera mwakale. Kutupa kumatha, koma mphamvu yogwirira nkhafi, khasu kapena munsi siibwera. Akatsamira dzanjalo podzuka pamphasa limapweteka, ndipo nthawi zina limamveka kuti "go" ngati kanthu kasuntha m'kati. Kawirikawiri cimene cavulala mwa anthu otere si fupa ai, koma kamtsempha kakang'ono kamene sikaoneka pa X-ray.

M'Cinyanja mau akuti mtsempha amasenza katundu wambiri. Njira ya magazi ndi mtsempha. Cingwe copereka uthenga wa ululu ku ubongo ndi mtsempha. Cingwe colimba cimene cimalumikiza mnofu ndi fupa, conga cija ca kumbuyo kwa cidendene, naconso ndi mtsempha. Koma pali mtundu wacinai, umene madotolo amaucha ligament m'Cingerezi. Umenewu suyendetsa magazi, ndipo sukoka ciwalo. Nchito yake ndi kumanga fupa ku fupa linzake. Ali yense amene anaphapo mbuzi kapena nkhuku anauona: ndi timizere toyera tija timene timakana mpeni pogawa mwendo pa mfundo.

BWATO NDI MWEZI

Mfundo ya dzanja si fupa limodzi. Mkono uli ndi mafupa awiri atali, lalikulu kumbali ya cala cacikulu, lochedwa radius, ndi linzake kumbali ya kacala kakang'ono. Pakati pa mafupa awiriwa ndi cikhatho pali timafupa 8 tonga timiyala ta mumtsinje, toyalidwa m'mizere iwiri, tinai pamzere uli wonse. Munthu akakankha cinthu colemera, pafupi-fupi magawo 80 mwa 100 a mphamvuyo amapyola pa radius, ndipo pamutu pa fupa limeneli pakhala timafupa tiwiri ta mzere woyamba.

Anthu akale amene anapatsa maina timafupa timeneti anayang'ana maonekedwe ake. Koyamba anakacha scaphoid, kucokera ku mau a Cigiriki otanthauza bwato, pakuti nkotalikirapo ndi kokumbika m'kati. Kaciwiri anakacha lunate, kucokera ku mau a Cilatini otanthauza mwezi, pakuti kamafanana ndi mwezi wongokhala kumene. Mwana wa ku Kafue amene anakulira m'mbali mwa mtsinje sangavutike kukumbukira maina awiriwa. Kamtsempha komanga fupa la bwato ndi fupa la mwezi kamachedwa scapholunate ligament, ndipo mwa timitsempha tonse tomanga timafupa ta m'dzanja, kameneka ndiko kamaduka kawirikawiri.

Wofuna kudziwa pamene kali angapinde dzanja lake pang'ono kulozetsa pansi, nayendetsa cala kuseri kwa dzanjalo, kutsata mzere wa cala capakati mpaka pafupi ndi pothera mkono. Apo pali kadzenje kofewa. Pansi pa khungu la pamenepo ndi pamene timafupa tiwiriti timakumana.

Kamtsemphaka nkakang'ono modabwitsa. Mu 1996 Dotolo Richard Berger wa pa cipatala ca Mayo Clinic ku America anakafotokoza mwatsatane-tsatane atakapima m'manja a anthu akufa. Kali ngati cilembo ca C, kozungulira mbali zitatu za mpata wa pakati pa mafupa awiriwo. Mbali ya kuseri kwa dzanja ndiyo yocindikala, pafupi-fupi mamilimita 3, ndipo kutalika kwake sikupitirira mamilimita 5, ndiko kuti siiposa kambeu ka mpunga. Mbali ya kucikhatho ndi yopyapyala, ngati milimita imodzi. Mbali yapakati ndi kacikopa cabe kocinga madzi a m'mfundo. Pambuyo pake Berger ndi anzake anakoka mbali zimenezi ndi makina kuti aone pamene zimadukira. Ya kuseri inaduka pa mphamvu yolingana ndi makilogalamu 26, ngati thumba limodzi la unga lija la makilogalamu 25. Ya kucikhatho inalephera isanafike pa theka la mphamvu imeneyo.

Wina angafunse kuti nanga mwamuna amanyamula bwanji thumba la feteleza la makilogalamu 50 popanda kudula kamtsemphaka. Yankho lake nlakuti sikagwira nchito kokha. Pali mitsempha ina yaikulupo yocokera ku mkono imene imakuta mfundo yonse kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo munthu akamanyamula katundu mwadala, minofu ya mkono imayamba yakungika niicinjiriza mfundoyo. Kugwa nkosiyana. Kumabwera modzidzimutsa, minofu isanakonzeke, dzanja litapindikira kumbuyo mpaka pothera.

Amene anagwirapo nchito pa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amadziwa kuti ulusi umodzi wa thonje umaduka ndi zala, koma ulusi wambiri woyalidwa pamodzi umagwira. Mtsempha womanga mafupa unapangidwa motero, ndi timaulusi tosawerengeka toyenda mbali imodzi. Sutanuka ngati mphira. Ukakokedwa mopitirira, timaulusi tina timaduka tina nkutsala, ndipo uku ndiko kubinya kweni-kweni. Mphamvu ikakula, tonse timaduka, kapena mtsempha wonse umazuka pa fupa.

NG'OMBE ZIWIRI PA GOLI LIMODZI

Pali cinthu cacilendo pa fupa la bwato ndi fupa la mwezi. Palibe cingwe ca mnofu wa mkono cimene cinamangiriridwa pa iwo. Zingwe zoyendetsa zala ndi cikhatho zimangodutsa pamwamba pao kupita kutsogolo. Cotero mafupa awiriwa sadziyendetsa okha. Amasuntha cifukwa cokankhidwa ndi anzao, ndipo cimene cimawasunga pamalo ndi maumbidwe ao ndi mitsempha yao basi.

Tsono mafupa awiriwa safuna kupita kumodzi. Munthu akafumbata cinthu mwamphamvu, fupa la bwato limafuna kugwadira kutsogolo, kumbali ya cikhatho, pamene fupa la mwezi limakokeredwa kumbuyo ndi mnzake wa mbali inayo. Ali ngati ng'ombe ziwiri zolima, ina yokonda kupatukira kumanja, ina kumanzere. Goli, limene alimi ambiri amati joko, ndilo limaziyendetsa pamzere umodzi. Kamtsempha kaja ndiko goli la mafupa amenewa. Kamawalola kusewera pang'ono, koma sikawalola kusiyana.

M'kati mwake mulinso timitsempha ta uthenga timene timauza minofu ya mkono kuti mfundo yafika pangozi, ndipo minofuyo imakungika munthu asanaganize nkomwe. Kamtsemphaka kakaduka, dzanja limataya cingwe pamodzi ndi mlonda wake.

Cikaduka cingwe cotere sicilumikizana msanga monga licitira fupa. Fupa liri ndi magazi ambiri, ndipo likagwirizidwa bwino limadzilumikiza lokha. Kamtsemphaka kali ndi magazi ocepa, kamakhala m'madzi a m'mfundo, ndipo nthawi iri yonse munthu akagwira kanthu, mafupa awiriwo amakoka nsonga zake zoduka kuzitalikitsa.

CIFUKWA CAKE CITHUNZI CIMANYENGA

X-ray imaonetsa mafupa, siionetsa mitsempha. Dotolo amadziwa kuti kamtsemphaka kaduka poona mpata wa pakati pa mafupa awiriwo. Mwa munthu wamkulu wabwino-bwino mpatawo ndi wa mamilimita ngati 2. Ukapitirira mamilimita 3 pali cokaikitsa. Mu 1977 dotolo wina wa ku America anapatsa mpata umenewu dzina la Terry-Thomas, mzungu wa ku England wocita mafilimu oseketsa, amene anali ndi mpata waukulu pakati pa mano ake akutsogolo. Dzinalo linakhazikika, ndipo ophunzira udotolo amaliloweza mpaka lero, ngakhale ambiri a iwo sanaonepo filimu yake ndi imodzi yomwe.

Vuto nlakuti pa masiku oyamba mpatawo ukhoza kusaoneka. Mitsempha yaikulu ija ya kunja imakhala ikugwirabe mafupa pamalo pao, ndipo cithunzi cimatuluka coyera, copanda colakwa. Wogwira nchito m'cipatala akanena kuti palibe cothyoka, sananame. Koma munthu akabwerera kumunda kapena kumtsinje, mitsempha yotsalayo imasenza nchito imene si yake, niyamba kutamuka pang'ono-pang'ono. Pakapita miyezi, fupa la bwato limagwada, la mwezi limagadama, ndipo mpata umaoneka poyera.

Pali njira zouonera msanga. Wodwala amajambulidwa atafumbata dzanja mwamphamvu, nthawi zina atagwira pensulo, pakuti kufumbatako kumakankha mafupa awiriwo ndi kutsegula mpata umene unabisika. Amajambulanso dzanja labwinolo kuti ayerekeze, cifukwa anthu ena anabadwa ndi mfundo zomasuka. Dotolo amakanikizanso fupa la bwato ndi cala cake cacikulu uku akupendeketsa dzanja la wodwala, kumvetsera ngati fupalo likudumpha. M'zipatala zazikulu muli makina a MRI amene amaonetsa mitsempha, ndiponso kacipangizo kounikira m'kati mwa mfundo.

Kugwa kumodzi komweko kumavulaza anthu mosiyana malinga ndi msinkhu. Mwa mwana, mafupa ndi anthete kuposa mitsempha, kotero cimathyoka ndi fupa la mkono. Mwa agogo, makamaka amai amene mafupa ao afooka, cimathyoka ndi mutu wa radius, ndipo dzanja limaoneka lopindika. Koma mwa acinyamata ndi anthu a msinkhu wogwira nchito, amene mafupa ao ndi olimba, mphamvu ya kugwako imathera pa fupa la bwato kapena pa kamtsempha kake. Fupa la bwato likathyoka, ululu umamveka m'kadzenje ka patsinde pa cala cacikulu, paja acikulire ena amaika fodya wa m'mphuno, ndipo nalonso limakonda kubisala pa cithunzi coyamba. Zimacitikanso kuti radius yathyoka ndipo kamtsempha kaduka nthawi yomweyo. Fupa limacira m'pulasitala, koma dzanja nkumapwetekabe.

ZAKA ZIKAPITA

Kumapeto kwa fupa liri lonse la m'mfundo kuli kacikuto koyera, kosalala, konga kaja kamaoneka pa mfundo ya nkhuku yophika. Fupa la bwato likakhala bwino, limagona m'kambale kake pa radius monga supuni igona m'supuni inzake. Likagwada, limakhudza kambaleko ndi m'mphepete mokha, ndipo kulemera konse kumagwera pa kamalo kakang'ono. Kacikuto kaja kamayamba kudyeka, monga tayala la njinga yopindika limathera mbali imodzi. Kakatha sikameranso, ndipo fupa limakhuzana ndi fupa. Iyi ndiyo nyamakazi ya m'dzanja.

Mu 1984 madotolo awiri a ku America, Kirk Watson ndi Frederick Ballet, anapenda zithunzi za manja zokwana 4,000. Mwa izo anapezamo 210 za nyamakazi yodya mfundo, ndipo zoposa theka zinali za mtundu umodzi womwewu. Anaona kuti kudyekako kumatsata njira imodzi: kumayambira pansonga ya radius kumbali ya cala cacikulu, kumafalikira pansi ponse pa fupa la bwato, kenaka kumalowa pakati pa mizere iwiri ya timafupa. Zimenezi zimatenga zaka, mwa ena zisanu, mwa ena khumi kapena kuposa. Ndico cifukwa cake bambo wa zaka 50 amene dzanja lake lauma ndi kutupa sakumbukira konse za tsiku lija anagwa pa njinga ali ndi zaka 35. Abale amafunafuna cifukwa kwina, ndipo nthawi zina mlandu umagwera munthu wosalakwa.

Si onse amene amafika pamenepa, ndipo alipo ena amene mpata wao ndi waukulu koma ululu wao ndi wocepa. Komabe palibe angadziwiretu kuti iye adzakhala m'gulu liti.

MASABATA ASANU NDI LIMODZI

Madotolo a mafupa amagwirizana kuti kamtsempha koduka kamasokeka bwino pa masabata 6 oyamba. Nthawi imeneyi ikapita, nsonga zake zimafota, ndipo sipakhalanso cosoka. Apa ndi pamene nyengo imapikisana ndi dzanja. Munthu wogwa mu December ali pakati pa kubzala ndi kupalira, ndipo mau amene amamveka m'nyumba zambiri ndi akuti adzapita ku cipatala akakolola. Masabata 6 amatha mu January kapena kuciyambi kwa February. Kukolola kumabwera mu April kapena May. Kwa msodzi mpata ulipo, pakuti boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, koma ambiri nthawi imeneyo amathamangira kumunda ndi dzanja lomwelo.

Pa tsiku la ngozi, coyamba ndi kuvula mphete, wochi ndi makoza dzanja lisanatupe. Dzanjalo liikidwe nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ligonekedwe pa kathabwa kapena pa katoni yopinda, limangidwe mosathinitsa, ndipo likhale lokwezeka pacifuwa. Kuthowa ndi madzi otentha pa masiku awiri oyamba kumaonjezera kutupa. Kulikoka kuti mafupa "abwerere" kukhoza kumaliza timaulusi timene tinatsala. Mphini sizifika pamene pali vuto, ndipo zironda zake zikhoza kucedwetsa opaleshoni ngati ikufunika. Dzanja likapindika, kapena zala zikacita dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, munthuyo apite ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, pakuti nthawi zina fupa la mwezi limacoka pamalo pake nkukanikiza mtsempha wa uthenga wopita ku zala.

Amene anauzidwa kuti palibe cothyoka awerenge masiku. Pakapita masiku 10 kapena 14 dzanja likupwetekabe kuseri, likulephera kufinya covala conyowa, kapena likumveka kudumpha m'kati, abwerere. Kubwerera si kunyoza amene anamuona poyamba. Akafika afotokoze bwino m'mene anagwera, aloze ndi cala cimodzi pamene pakupweteka, ndipo achule tsiku la ngoziyo, cifukwa dotolo amasankha cocita poyang'ana masabata amene apita.

Pa nkhani imeneyi anthu a ku Kafue ali ndi mwai umene anzao a ku Chama kapena ku Lundazi alibe. Kucokera ku kiliniki amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca m'tauni momwemo, ndipo ngati pakufunika dotolo wa mafupa, University Teaching Hospital mu Lusaka iri pa mtunda wa makilomita ngati 45 pa mseu wa tala. Kutalika kwa maulendo a odwala a kumadera akutali ndiko kunacititsa Profesa John Jellis kuyambitsa nchito ya FlySpec mu 1982, youlutsa madotolo a mafupa pa ndeke kupita ku zipatala za kumidzi. Wa ku Kafue safunika ndeke. Basi ya m'mawa imamufikitsa.

Ngati timaulusi tina tokha ndito tinaduka, dzanja limaikidwa m'pulasitala kapena m'comangira kwa masabata 4 mpaka 6. Ngati kamtsempha konse kaduka ndipo nthawi ikalipo, dotolo amatsegula kuseri kwa dzanja, nabwezera mafupa pamalo pao, nasoka kamtsemphako, nalowetsa timawaya togwira mafupawo kwa miyezi ngati iwiri. Nthawi ikapita koma nyamakazi isanayambe, amatenga kacigawo ka cingwe ca mnofu wa mkono kuti kalowe m'malo mwa kamtsempha kakale. Madotolo eni ake amavomera kuti opaleshoni imeneyi siibwezera dzanja monga linaliri, ndipo amatsutsanabe za njira yabwino koposa. Nyamakazi ikakhazikika, cotsala ndi kucotsa timafupa todyekato kapena kulumikiza tina kuti tisasunthenso. Ululu umacepa, koma dzanja limatsala ndi theka cabe la kupindika kwake, ndipo nthawi zina mfundo yonse imaumitsidwa.

Pulasitala ikacoka nchito siinathe. Dzanja limatuluka loonda ndi louma, ndipo limafuna miyezi yophunzitsidwa ndi akatswiri olimbitsa ziwalo, onga amene amaphunzitsidwa pa Evelyn Hone College ndi pa University of Zambia. Kawirikawiri amayamba ndi kayendedwe kamodzi: kukweza dzanja kumbuyo copendekera ku cala cacikulu, ndi kulitsitsa kutsogolo copendekera ku kacala kakang'ono, monga acitira munthu pokhoma msomali kapena poponya mkondo. Ofufuza anapeza kuti pa kayendedwe kameneka fupa la bwato ndi fupa la mwezi amasuntha pang'ono kwambiri, pakuti nchito yaikulu imacitikira pakati pa mizere iwiri ya timafupa. Wodwala amayamba kucita zimenezi cimanja-manja. Nyundo, nkhwangwa ndi nkhafi zimadikira mpaka dotolo atalola, ndipo kwa amene anacitidwa opaleshoni nthawi imeneyo siicepera miyezi inai kapena isanu ndi umodzi.